Kangaude wapakhoma uja anafika mpaka ku Florida

Abale lero ndadabwa, kangaude wotuwa uja amene amayendayenda pakhoma dzuwa likawala, amagwira ntchentche modumpha ngati mphaka uja, dzina lake akuti Menemerus bivittatus, anamulemba koyamba m'mabuku asayansi ndi wasayansi wa ku France dzina lake Dufour mu 1831. Kwawo kwenikweni ndi konkuno ku Africa koma pano wadzadza ku Florida, Texas, California mpaka ku South America, amangobisala m'katundu wapasitima basi wawoloka nyanja, opanda pasipoti opanda viza, ife tikumavutika pamzere kkkk.

Kanthu kake sikakwana ndi sentimita imodzi koma maso 8, awiri akutsogolowo akuluakulu ngati nyali za galimoto ndipo ukakayandikira kamatembenuka nkukuyang'anitsitsa. Ukonde wotchera sikaluka ayi, kamanyang'ama pang'onopang'ono kenako jowu! pa ntchentche, kakudumpha kamasiya ulusi kumbuyo kuti kakaphonya kasagwe pansi. Chomwe chandisangalatsa ine nchoti mphamvu yodumphirayo imachokera ku magazi omwe kamapopera m'miyendo yakumbuyo.

Wamkazi amaikira mazira mumng'alu wakhoma nkumawalondera mpaka ataswa. Ine ndasiya kuwapha ndi patapata, ntchentche zakukhitchini kwanga zapeza mwini wake.