Mmene ndinadziwira kuti si kamwazi

Chimbudzi chikamatuluka ndi magazi, aliyense amati ndi kamwazi, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Ine Flagyl ndi cipro ndinapatsidwa mobwerezabwereza, koma magazi osaleka, mpaka dokotala wina anati tifufuze mwakuya.

Madokotala amayamba ndi kufufuza matenda odziwika. Ndinapereka chimbudzi kuti aone ngati muli tizilombo ta kamwazi kapena mazira a likodzo la m'matumbo. Anandiyeza HIV, kuchuluka kwa magazi, komanso TB. Apa musawafulumizitse: TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn, ndipo wodwala TB akapatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezo, TB-yo imakula. Kwa ine anangopeza magazi ochepa m'thupi.

Kenako colonoscopy, kuunika matumbo ndi kamera. Kamerayo siivuta, chovuta ndi tsiku loti mawa mukaunikidwe. Nsima ayi, ndiwo ayi. Mumangomwa madzi, tiyi wopanda mkaka ndi mankhwala otsuka m'mimba mpaka zotuluka zikhale madzi okhaokha, ndiye musapite kutali ndi kunyumba. Mutengenso wokuperekezani, chifukwa jekeseni wake amasiya chizungulire. Anadula tinyama ting'onoting'ono n'kutumiza ku labu, ndipo zotsatira zinati ulcerative colitis, matenda a kutupa ndi zilonda m'matumbo aakulu.

Ndinafunsa kuti, "Adokotala, kachilombo kake n'kotani kuti tikaphe?"

"Achimwene, palibe kachilombo kamodzi koti tiphe," anatero.

Zimenezi zinanditengera nthawi kuti ndizimvetse. Asayansi mu 2016 anawerengera kuti thupi la munthu limasunga mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri m'matumbo aakulu, ndipo ochuluka ndi otithandiza. Ena, monga Faecalibacterium prausnitzii, amapanga butyrate kuchokera ku zotsalira za masamba, nyemba ndi gaga zomwe ife sitigaya. Butyrate ndiye chakudya cha maselo a khoma la matumbo, ndipo amachepetsa kutupa. Mwa odwala ulcerative colitis ndi Crohn, mitundu ya mabakiteriya imachepa, Faecalibacterium uja amatsika, khoma limafooka, ndipo chitetezo cha thupi chimayamba kulimbana ndi mabakiteriya omwe chinayenera kukhala nawo mwamtendere. Kutupako kumasokonezanso mabakiteriya otsalawo. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti mbewa zamulabu zokhala ndi chibadwa chodwala matendawa sizitupa matumbo zikaleredwa popanda bakiteriya aliyense.

Choncho mankhwala anga ndi oziziritsa kutupa. Prednisolone ndinamwa kwa kanthawi, n'kumachepetsa pang'onopang'ono, pamene mesalazine ndi wa tsiku lililonse, ngakhale ndikumva bwino. Brufen anandiletsa. Maantibayotiki ndimamwa pokhapokha andilembere, chifukwa amasesa abwino ndi oipa omwe, ndipo amapereka mpata kwa bakiteriya woopsa wotchedwa Clostridioides difficile.

Mimba ikakhala bata ndimadya mgaiwa, nyemba ndi masamba. Ikavuta ndimabwerera ku phala losalala. Chambiko ndimamwa chifukwa ndimachikonda, koma munthu asakunamizeni kuti chingalowe m'malo mwa mesalazine. Zoika mabakiteriya a m'chimbudzi cha munthu wathanzi m'matumbo mwa wodwala zilipodi, ndipo zimathandiza kwambiri pa C. difficile wobwererabwerera, koma pa ulcerative colitis zikadali m'kafukufuku. Musayesere kunyumba.

Anandiuzanso kuti pakatha zaka pafupifupi 8 chiyambire matendawa, ndidzayamba kuunikidwa ndi kamera nthawi ndi nthawi, chifukwa kutupa kwa zaka zambiri kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo.