Kusaka kolache m'sitolo ya madonati ku Texas

Mawu akuti “Kolaches” ndinawaona titaima pa maloboti, tsiku lachitatu chifikireni ku Dallas kwa achemwali anga. Anali pagalasi la kasitolo kopanikizana pakati pa malo ochapira zovala ndi saluni, pansi pa mawu ena akuti “Donuts”. Ndinagwira alamu paphewa. “Alamu, mawa mundibweretse pano.”

Zaka zapitazo ndinakhala miyezi ingapo ku Brno, mzinda wachiwiri pa kukula m'dziko la Czech, m'chigawo cha Moravia, komwe ndinapita kukachita maphunziro. Kuzizira kwa kumeneko kunandizunza, koma koláč, yemwe ku Texas amamutcha kolache, anandisunga. Ndi kabuledi kozungulira, kofewa, kokandidwa ndi mkaka, batala ndi mazira, kophikidwa mu uvuni. Pakati pake amabonyapo kadzenje n'kuikamo jamu wa maplamu wotchedwa povidla, kapena tvaroh, tchizi choyera chowawasira chomwe chimandikumbutsa chambiko chokhetsedwa madzi. Amene ndinkamukonda kwambiri ndi wa njere za poppy, tinjere takuda tating'ono ngati mbewu ya bonongwe, togayidwa n'kuphikidwa ndi mkaka ndi shuga. Dzinalo limachokera ku mawu akuti kolo, kutanthauza chozungulira ngati gudumu. Chibwerereni kumudzi sindinamulawenso.

Alamu anati masitolo amenewa amatsegula kusanache ndipo ikamakwana 1 koloko masana amakhala atatseka, choncho tinalawirira. Pofika 6 koloko munali kale mzere: amuna ovala majombo a ku ntchito za zomangamanga, namwino wochokera ku ntchito ya usiku, bambo wina ndi ana awiri a sukulu. Fungo la mafuta otentha ndi shuga linandibwezera pa depoti ya ku Limbe m'mawa, pamene amayi amatsegula mabeseni a mandasi.

Nditafika kutsogolo ndinauza mayi wogulitsayo kuti ndikufuna kolache wa poppy, ngati palibe andipatse wa maplamu. Anandiyang'ana mwachifundo. “Tili ndi wa soseji, wa soseji ndi tchizi, ndi wa tsabola wa jalapeño.” Anatenga kabuledi kotalika ngati chala cha nthochi, n'kukaponya mu microwave masekondi ochepa, n'kundipatsa m'kapepala.

Mtima unagwa, sindibisa. Ndinadzuka ndi mkamwa mokonzekera zotsekemera, ndipo m'manja mwanga munali soseji yokutidwa ndi buledi. Koma nditaluma ndinapeza kuti ndi chakudya chabwino ndithu. Buledi wake ngwofewa, wotsekemera pang'ono, tchizi chitasungunuka, tsabola akuluma kumapeto kwa lilime. Munthu wopita kukanyamula njerwa akadya awiri afika masana. Chondidandaulitsa ndi dzina basi. Ana a anthu a ku Czech okhala ku Texas amachitcha klobasnek, kuchokera ku klobása, soseji, ndipo ambiri mwa iwo sasangalala kumva chikutchedwa kolache. Ndikuwamvetsa. Wina atakupatsani chitumbuwa n'kumaumirira kuti ndi chigumu, mungadye, koma mungamuuzebe.

Mzere utatha ndinacheza pang'ono ndi mayi aja. Kwawo ndi ku Cambodia. Masitolo ambiri a madonati ku Texas, monganso ku California, ali m'manja mwa mabanja a ku Cambodia, omwe ambiri anafika ku America pothawa ulamuliro wa Khmer Rouge wa 1975 mpaka 1979 ndi mavuto otsatira pambuyo pake. Mayiwo ndi amuna awo amayamba kukanda ufa anthu ali m'tulo, masiku onse asanu ndi awiri a sabata. “Amene mukufunayo ali ku West,” anatero. “Makasitomala amandiuza. Ine sindinapiteko, sitoloyi ndingaisiyire ndani?”

Loweruka tinanyamuka ndi achemwali, kutsata msewu waukulu wa I-35 kulowera kum'mwera, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo. West ndi katauni ka anthu osakwana 3,000, kumpoto pang'ono kwa mzinda wa Waco. Anthu a ku Czech anayamba kufika ku Texas m'zaka za m'ma 1850, ambiri mwa iwo alimi ochokera ku Moravia komwe ndinakhala kuja, kudzafuna malo olima, ndipo dothi lakuda la chigawo chino linawapatsa thonje. Mayina a pa zikwangwani za m'tauniyi ndinkawawerenga ngati ndili ku Brno. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya Texas inalemekeza West chifukwa cha kolache wake, ndipo chaka ndi chaka, kumapeto a sabata ya Labor Day, tchuthi cha anthu apantchito cha kumayambiriro kwa Seputembala, kumakhala chikondwerero cha Westfest, cha magule a polka ndi zakudya za makolo awo. Fakitale ya feteleza itaphulika kuno pa 17 Epulo 2013 n'kupha anthu 15, boma la Czech linatumiza thandizo, ngati mmene munthu amachitira maliro akagwa kwa abale.

Tinapatuka pa Exit 353 n'kuima pa sitolo ya Czech Stop, yomwe inatsegulidwa mu 1983. Kunja ndi malo omwetsera mafuta galimoto. Mkati, kuseri kwa galasi, munali mathireyi odzaza: a maapurikoti, a maplamu, a tchizi, ndipo pakona, akuda aja. Kolache wa ku Texas sazungulira bwinobwino ngati wa ku Brno, chifukwa amawayika mothithikana m'thireyi ndipo akamafufuma amakankhana mpaka kukhala ndi ngodya. Ngwamkulupo, ngwotsekemera kwambiri. Pamwamba amawazapo tinyenyeswa ta ufa, shuga ndi batala, timene kuno amati posypka pomwe ku Brno ndinkamva akuti drobenka.

Ndinadyera panja, nditatsamira galimoto, magalimoto akuluakulu akudutsa pa msewu. Poppy uja anali yemweyo, wonona, wowawira patali, tinjere tikutsalira m'mano. Achemwali analuma kamodzi n'kundibwezera. “Iwe, izi zikukoma ngati dothi,” anatero, n'kutenga wa maapurikoti. Ine ndinadya awiri osalankhula.

Tinagula bokosi la khumi ndi awiri. Lamlungu m'mawa, tisanapite ku tchalitchi, ndinapempha alamu kuti tidzere pa kasitolo kaja. Ndinapatsa mayi aja awiri, wa poppy ndi wa maplamu. Anapukuta manja pa epuloni, ananyema wa poppy, nayang'anitsitsa mkati mwake, n'kufinya buledi ndi zala kuti aone kufewa kwake. Kenako anaitana amuna awo kukhitchini m'chinenero chawo. Bamboyo anatuluka ufa uli mbuu m'manja, analawa, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuchuluka kwa batala amene amathira pa kilogalamu imodzi ya ufa.