Msuzi wa maungu ndi ngongole ya ufulu ku Haiti

Chaka chilichonse pa 1 Januwale, anthu a ku Haiti, dziko la ku zilumba za Caribbean, amadya msuzi wa maungu wotchedwa joumou pokumbukira tsiku limene mtsogoleri wa omenyera ufulu, Jean-Jacques Dessalines, analengeza ufulu wa dzikolo mu 1804, akapolo atagonjetsa asilikali a France pa nkhondo imene inabuka mu 1791. Amati kale akapolo ankaphika msuziwu koma sankaloledwa kuulawa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mu 1825 Mfumu Charles X ya ku France inatumiza zombo zankhondo n'kulamula Haiti kulipira ndalama za franc zokwana 150 miliyoni, ati chipukutamisozi cha eni minda amene anataya chuma ndi akapolo awo. Ndalamazi zinatsitsidwa kufika pa 90 miliyoni mu 1838, koma n'kuti dzikolo litakongola kale ku France komweko kuti liyambe kulipira.