Shopu yathu ya nsambo za bezi yakula, tatsegula benchi yokonzera magitala mu Chipata

Mwezi uno tatsegula chipinda chachiwiri pashopu yathu pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo m'chipindamo muli benchi yokonzerapo magitala a bezi. Amene anatidziwa tikugulitsa nsambo pakathebulo, pamodzi ndi mabatire ndi zingwe za maikolofoni, akudziwa kumene tachokera. Sitibisa, tikunyada. Woimba wa kuno kum'mawa sayeneranso kudikira munthu wopita ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550 pa Great East Road, kapena kuoloka pa Mwami kulowera ku Lilongwe, chifukwa choti nsambo ya E yaduka Loweruka madzulo pamene mawa lake kwaya ikuimba.

Bizinesiyi inabadwa ndi dandaulo limodzi limene tinkalimva kawirikawiri: "Bezi yathu yafa." Ankabwera nalo a makwaya a RCZ, a Katolika, a mipingo ya chipentekoste, ndi anyamata a mabandi oimba kalindula pamaukwati. Ena ankakhala atasonkha kale ndalama zogulira ampu yatsopano. Koma tikaigwira bezi ija, nthawi zambiri mapikapu, timaginito togwira mawu a nsambo, anali bwino, ampu inali bwino. Chakufa chinali nsambo: zakuda ndi litsiro, zadzimbiri, zina zosayenera n'komwe pa bezi imeneyo. Tinaona kuti anthu akutaya ndalama pa chinthu cholakwika, ndipo mpata wa malonda unali pomwepo.

Choyamba chimene timafunsa munthu asanatulutse ndalama ndi kutalika kwa bezi yake. Mumayeza kuchokera pa nati, kachidutswa kamipata kamene kali kumutu kwa khosi, kufika pa fureti ya nambala 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi), kenako n'kuchulukitsa kawiri. Mabezi ambiri amapereka mainchi 34, amene ndi mamilimita 864, ndipo paketi yake imalembedwa long scale. Ang'onoang'ono amapereka mainchi 30, pamene ena a nsambo zisanu amafika 35. Mukaika nsambo zazitali pa bezi yaifupi, mbali yonenepa ya nsambo imakazunguliridwa pa kiyi wochunira, ndipo waya wa m'kati amathyokera pomwepo. Mukaika zazifupi pa bezi yaitali, mbali yowonda yokulungidwa ndi ulusi ndi imene imagona pa nati, ndiye kumangomveka kulira kwa phokoso. Palinso mabezi amene nsambo zake zimalowera kumbuyo kwa thupi m'malo mokoledwa pa buriji, chitsulo chogwira nsambo pathupi la bezi. Amenewo amadya utali wina, choncho mutiuziretu.

Kenako pamabwera manambala. Mukaona 45-65-85-105 papaketi, ndi kunenepa kwa nsambo iliyonse, kuyambira G yowonda mpaka E yonenepa, poyezera magawo 1,000 a inchi. Seti ya 45 mpaka 100 ndi yofewerapo, yabwino kwa wophunzira ndi kwa woimba wothamangitsa zala monga zimafunikira mu kalindula ndi rhumba. Ya 45 mpaka 105 ndi imene timagulitsa kwambiri, chifukwa imayenda ndi nyimbo zamtundu uliwonse. Ya 50 mpaka 110 ndi ya anthu a dzanja lolemera, kapena amene amatsitsa E kukhala D. Pa bezi ya nsambo zisanu, yachisanu yonenepa kwambiri, ya B, imakhala 125, 130 kapena 135. Maganizo athu ndi akuti 125 pa bezi ya mainchi 34 imakhala yolobodoka, makamaka m'tchalitchi cha malata mmene mawu amabwerera. B imanjenjemera pafupifupi ka 31 pa sekondi, E ka 41, ndipo kasipika kakang'ono kamavutika kutulutsa mawu otsika chotero. Musanaimbe mlandu nsambo, yang'anani kaye kukula kwa sipika yanu.

Za kakulungidwe tingonena mwachidule. Roundwound ndi zija zamizeremizere mukazisisita, zolira mowala, zimene kampani ya Rotosound ya ku England inatchukitsa m'ma 1960 pogwirizana ndi John Entwistle, woimba bezi wa bandi ya The Who. Flatwound ndi zosalala, zolira mozama, zimene woimba bezi James Jamerson ankaimbira ku Motown, kampani yojambula nyimbo ya ku America. Zosalalazi n'zodula pogula, koma zimakhala zaka chifukwa litsiro lilibe polowa, ndiponso sizidya mafureti. Kwaya imene imangofuna mawu ozama pansi pa oimba, yopanda wokonda slap (kumenya nsambo ndi chala chachikulu), timailangiza zimenezi mosazengereza. Pa roundwound palinso kusankha pakati pa nickel ndi stainless steel. Nickel ndi yofewa kuzala. Stainless imawala kwambiri ndipo imalimbana ndi dzimbiri, koma imakanda zala ndi kudya mafureti msanga. Zokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, monga za Elixir, zimathandiza munthu wa thukuta lambiri m'manja.

Chaka chimene chinatsala pang'ono kutitseketsa ndi 2020. Matenda a Covid atafika mu Marichi, mabala anatsekedwa, maukwati anachepa, ndipo mapemphero anaikiridwa malire a anthu. Palibe ankagula nsambo. Nthawi yomweyo kwacha inagwa, kuchoka pafupifupi K14 pa dola kumayambiriro kwa chaka kufika cha m'ma K21 kumapeto kwake, pamene nsambo zonse zabwino zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi dola. Amene anatikongoza mpamba sanafune kumva za mliri. Chiwongoladzanja chinkangoyenda ngati kuti matchalitchi ndi otsegula. Tinabweza zonse mpaka ngwee yomaliza, ndipo lero akamatiimbira kuti tikatengenso ngongole timangowathokoza mwaulemu.

Chopweteka kwambiri chinali china. Malonda atayambanso pang'ono, wogulitsa wina wa pikulitsa ku Lusaka anatitumizira katoni ya nsambo zokhala m'mapaketi a dzina lodziwika, pamtengo wa zenizeni, koma zinali zachinyengo. Titamuuza, foni yake inasiya kupezeka. Amadzidziwa yekha, ndipo tikumva kuti akugulitsabe. Katoni ija sitinaigulitse kwa munthu aliyense, ngakhale kuti ndalama yathu yonse inali mmenemo. Kuyambira pamenepo katundu aliyense akafika timatsegula paketi imodzi n'kuiyeza.

Zachinyengozi mukhoza kuzizindikira nanunso. Kunenepa kwake sikugwirizana ndi manambala a papaketi: yolembedwa 105 imapezeka ili 98 kapena 100 mukaiyeza. Pafupi ndi kamphete ka kumapeto, waya amakhala wopotedwa mosalongosoka, nsonga yake ikubaya. Zina zimatuluka m'paketi zili kale ndi timadontho ta dzimbiri. Mukaziika, nsambo imodzi imalira mokweza, inzake motsika, chifukwa chitsulo chake sichikokedwa mofanana ndi maginito a pikapu. Ndipo mtengo umanena zambiri. Seti ya bezi ya dzina lalikulu siingagulitsidwe pamtengo wa seti ya gitala wamba. Makampani ena, monga D'Addario, amaika nambala m'paketi imene mungaitsimikize pa intaneti.

Kaikidwe nako kamapha nsambo zatsopano tsiku loyamba lomwe. Sinthani imodziimodzi kuti khosi lisatayiretu mphamvu imene linazolowera, pokhapokha ngati mukufuna kupukuta pamafureti. Lowetsani nsambo pa buriji, ikokeni mpaka pa kiyi wake, muonjezere masentimita 8 mpaka 10, mupinde pamenepo ndi pulayala, kenako mudule kutsogolo kwa popindapo. Kupinda musanadule kumaletsa waya wakunja kumasuka pa waya wa m'kati, makamaka pa nsambo zimene waya wake wa m'kati ndi wozungulira. Nsonga ilowe pansi m'dzenje la kiyi, ndipo muzipota ndi kiyiyo, osazunguliza nsambo ndi dzanja, chifukwa nsambo yopotoka imalira mawu awiriawiri ndipo siichunika. Izungulire kawiri kapena katatu, mzere uliwonse pansi pa unzake, kuti ikanikize bwino pa nati. Mukachuna, dinikizani ndi chala chachikulu pamene nsambo ikudutsa pa buriji kuti ipindike bwino pamenepo. Ikokeni pang'ono, chunaninso, mpaka isiye kutsika.

Nsambo zinayi zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, choncho mukasintha manambala khosi limasinthanso. Apa ndi pamene benchi yathu yatsopano ikugwira ntchito. Timadinikiza E pa fureti yoyamba ndi yomaliza, n'kuyang'ana mpata pa fureti ya nambala 8, umene uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.3. Ukakula timamangitsa truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi, kotala ya kuzungulira basi, n'kulisiya khosi likhazikike tisanapitirize. Amene amapota chitsulochi mwamphamvu ndi kiyi wosayenera amabwera kuno atachithyola, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa bezi zina. Kutalika kwa nsambo pa fureti ya nambala 17 timakuika pa mamilimita 2.4 kumbali ya E ndi 2 kumbali ya G, kenako n'kusintha malinga ndi dzanja la mwini. Pomaliza timayerekeza mawu a nsambo yosadinikiza ndi a pa fureti ya 12. A pa fureti ya 12 akakwera, kachitsulo ka pa buriji kabwerere m'mbuyo. Akatsika, kapite kutsogolo.

Nyengo ya kuno siichitira chifundo chitsulo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimabweretsa dzimbiri, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limasakanikirana ndi thukuta n'kumatirira m'mizere ya nsambo. Nsambo yotere imalira ngati mukumenya ndowa yodzaza mchenga. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: sambani m'manja ndi sopo musanaimbe, makamaka mukadya vitumbuwa kapena nsawawa zokazinga popuma pa pulakatisi, ndipo mukamaliza pukutani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, pamwamba ndi pansi pomwe. Bezi isatsamire pakhoma la tchalitchi sabata yonse, ilowe m'chikwama. Mafuta ophikira ndi Vaseline musapake, amangoitana fumbi.

Za kuwiritsa nsambo m'madzi timafunsidwa tsiku ndi tsiku. Zimagwira ntchito, kuwiritsa mphindi 10 mpaka 15 kumachotsa mafuta, koma madzi akatsalira m'kati amayambitsa dzimbiri, ndipo kuwalako kumatha msanga. Njira yabwinopo ndi kuziviika mu methylated spirit usiku wonse, m'paipi yapulasitiki yotseka mbali zonse, kenako n'kuziyanika ziume. Spiritiyo ikhale kutali ndi mbaula ndi ana, ndiponso isakhudze utoto wa bezi. Zokutidwa ndi pulasitiki musaziviike. Ndipo nsambo imene yaphwatalala pamene imagunda mafureti yatha basi, kuitsuka sikungaibwezere. Woimba sabata iliyonse pa roundwound asinthe pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Zakale musataye zonse, sungani m'chikwama kuti zikupulumutseni ina ikaduka pakati pa ukwati.

Sitikanafika pano tokha. Zikomo abusa ndi akuluakulu a mipingo amene munapitiriza kutitumizira anyamata anu ngakhale nthawi imene mashelefu athu anali opanda kanthu. Zikomo amayi a Chigwirizano amene munasonkha ndalama kuti kwaya ya ana anu ikhale ndi nsambo zatsopano, ena mwa inu simunagwirepo n'komwe gitala. Zikomo a mabandi amene mumatikumbukira nyengo ya Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi ya Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, pamene ntchito zoimba zimachuluka. Zikomo aphunzitsi a nyimbo m'masukulu, madalaivala ndi makondakitala amene mumanyamula timapaketi tathu kupita ku Lundazi, Katete, Chadiza, Petauke ndi Mfuwe, ndi anyamata a njinga amene mumafikitsa katundu m'makomboni. Abale athu a ku Mchinji amene mumaoloka malire kudzagula kuno, tikukuonani. Kwa eni nyumba amene anatipirira pa lendi m'chaka chovuta chija, Mulungu awadalitse. Ndi kwa makolo ndi apabanja athu, amene anamva kulira kwa E yosachunidwa mpaka usiku osadandaula, tilibe mawu okwanira.

Panopa tili ndi maseti a nsambo zinayi ndi zisanu, nickel, stainless ndi flatwound, komanso nsambo imodziimodzi kwa amene yawadukira imodzi yokha. Mukagula seti kuno, kuika ndi kuyang'ana khosi n'kwaulere mwezi uno wonse. Makwaya ndi masukulu ogula maseti angapo timawachotserako. Amene muli kutali, jambulani bezi yanu kumutu ndi pa buriji, muyeze kuchokera pa nati kufika pa fureti ya 12, mutitumizire pa WhatsApp, mulipire pa Airtel Money kapena MTN, ndipo paketi ikwera basi ya m'mawa. Amene muli mu Chipata, bwerani nayo beziyo, pamodzi ndi chingwe chake cholumikizira ku ampu, kuti tiyesere zonse pabenchi inu mukuona.