Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Malamulo amene ndinalemba ndekha

M'gawo lapita ndinalekezera pa kalata yondilemba ntchito ku kabungwe kena komwe si ka boma. Dzina lake sinditchula, pakuti cholakwa chimene ndikufuna kuulula lero chinali changa. Anandipatsa njinga yamoto yotopa, chikwama cha mapepala ndi udindo wa mlangizi. Ndinali ndi zaka 26, ndipo mumtima ndinkakhulupirira kuti anthu amavutika chifukwa sadziwa zimene ine ndinaphunzira m'kalasi.

Ntchito yanga yoyamba inali yokhazikitsa makomiti a mijigo 12 imene bungwe lathu linakumba ndi ndalama za opereka thandizo. Mapampu ake anali a Afridev. Amene anapanga mtundu umenewu anaganiza mofatsa: ndodo zam'kati zimangokolekerana moti anthu angapo amazizula ndi manja, sipanala imodzi imamasula mabawuti ake, ndipo zimene zimatha msanga ndi timaraba ndi timabushi tapulasitiki tosaboola m'thumba. Cholinga n'chakuti eni mjigo azikonza okha, osadikira galimoto ya ku ofesi. Chofunika ndi kathumba ka ndalama zogulira timarabato, ndi munthu wokhulupirika wokasunga.

Ndiye usiku wina ndinakhala pa kompyuta n'kulemba malamulo a komiti, masamba anayi athunthu. Khomo lililonse lizisonkha mwezi ndi mwezi. Wosasonkha asatunge. Msonkhano uzichitika Loweruka loyamba la mwezi. Ndinasindikiza makope 12, n'kumangosintha dzina la dera pamwamba. Tinachititsa maphunziro a masiku atatu, anthu analandira alawansi, anasayina, tinajambulitsa ataimirira pambali pa mjigo. Mu lipoti ndinalemba kuti makomiti onse "alimbikitsidwa". Mawu amenewa opereka thandizo ankawakonda ngati uchi.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo, mijigo 5 inali itaima.

Pa umodzi mwa imeneyo ndinapeza chogwirira chikungogwedera, simenti yapansi ili gwaa, ngalande itamera udzu. Amayi anali atabwerera kuchitsime chosatetezedwa chija tinkati tachithetsa. Ndinafunsa za msungichuma, akuti anasamuka. Ndinafunsa za thumba, akuti anthu anasonkha miyezi iwiri n'kuleka. Bambo wina wa m'komitimo anandiyankha mwaulemu wake wonse: "Alangizi, malamulo anu aja ndi abwino ndithu. Koma tandiuzani, ndani angathamangitse azakhali ake pamadzi?"

Malamulo anu. Liwu lakuti "anu" linandibaya njira yonse yobwerera.

Komabe panali mjigo umodzi umene sunagonepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo poyamba ndinkadzitama kuti kumeneko ndiko anamvetsa maphunziro anga. Wapampando wake anali mayi wina wachikulire, wosapita patali ndi sukulu, amenenso ankatsogolera gulu la banki m'khonde. Anandiitana kuti ndikaonerere msonkhano wawo, ndipo anandikhazika kumbuyo, osati kutsogolo kumene ndinazolowera.

Pakati pa bwalo panali bokosi lachitsulo la maloko atatu. Amayi atatu anadzuka, aliyense n'kumasula kiyi wake pangodya ya nsalu. Wosunga bokosilo analibe kiyi ngakhale mmodzi. Litatsegulidwa, awiri ena anawerenga ndalama mokweza, khobidi ndi khobidi, ndipo wapampando anafunsa gulu: "Tinatseka ndi zingati sabata yatha?" Onse anayankha pamodzi, chiwerengero chinagwirizana. Kenaka masheya, aliyense kuyambira imodzi mpaka zisanu, chidindo chikugunda m'kabuku ka mwini wake iye akuona. Ngongole ankapempha pamaso pa onse. Pambali panali kathumba ka zadzidzidzi, ndipo pambali pakenso kachitini kena kolembedwa ndi penti kuti "mjigo". M'menemo munali timaraba tiwiri tatsopano, tikadali m'pepala lake.

Pansi penipeni pa bokosilo ndinaona masamba anga anayi aja, opindidwa bwino, oyera ngati sanakhudzidwepo.

Njira ya bokosi la maloko atatu sanaiyambitse iwo. Inayamba ku Niger mu 1991, pamene bungwe la CARE linkagwira ntchito ndi magulu a amayi, ndipo kuchokera kumeneko inafalikira m'maiko ambiri. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25 kapena kupitirirako pang'ono, limasunga ndi kubwereketsana kwa miyezi 9 mpaka 12, kenako limagawana zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja n'kuyambiranso. Zimenezi ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mayiyu ananyamula mwambo wa bokosiwo n'kuuika pa mjigo, kenako anthu ake n'kudzipangira okha malamulo a madzi.

Atabalalika anthu ndinawafunsa mayi uja za malamulowo. Anati za mwezi ndi mwezi anazikana tsiku loyamba lomwe, chifukwa ndalama sizibwera mwezi ndi mwezi. Anagwirizana zosonkha kawiri pachaka, nthawi imene anthu agulitsako zokolola. Wochedwa koyamba amangomutchula dzina pagulu. Kachiwiri amalipira kachindapusa kakang'ono. Kachitatu amasesa ndi kutsuka ngalande ya mjigo sabata yathunthu, aliyense wodzatunga akumuona. Okalamba okhala okha sasonkha. Woletsedwa kutunga palibe.

"Mwanangu," anatero, "munthu ukam'mana madzi, usiku abwera kudzathyola loko. Ukam'chititsa manyazi pang'ono, mawa abwera ndi ndalama."

Ine, pofuna kubweza ulemu wanga, ndinati bwanji kiyi mmodzi azisungidwa ku ofesi kwathu, kuti zinthu zikhale m'dongosolo. Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Alangizi, mlendo ndi mame. Pulojekiti yanu yatsala ndi zaka zingati?"

Inali itatsala ndi chimodzi.

Patapita zaka ndinakumana ndi dzina la Elinor Ostrom, mayi wa ku America amene mu 2009 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Moyo wake wonse anafufuza mmene anthu wamba amasamalira zinthu za onse: msipu wa mudzi wa Törbel ku Switzerland, ngalande zothirira za ku Valencia ku Spain, za ku Philippines ndi za ku Nepal. Ku Nepal anapeza kuti ngalande zoyendetsedwa ndi alimi eni ake nthawi zambiri zinkachita bwino kuposa zoyendetsedwa ndi boma, ngakhale za bomazo zinali zomangidwa ndi simenti. Pa mfundo 8 zimene anatchula pali yakuti okhudzidwa ndi malamulo azitenga nawo mbali powapanga, yakuti malamulowo azigwirizana ndi mmene zinthu zilili pamalopo, yakuti oyang'anira aziyankha kwa anzawo ogwiritsa ntchito chinthucho, ndi yakuti zilango ziziyamba zazing'ono n'kumakula. Ndikuwerenga zimenezi ndinangoona mayi uja akupukuta misozi ya kuseka.

Ndisawanamizire akuluakulu anga. Mkulu wa bungwe lathu anali munthu wolimbikira, woti malipiro akachedwa ankayamba walipira ife iye n'kudikira. Koma anali pakati pa miyala iwiri. Opereka thandizo ankafuna manambala: mijigo ingati yakumbidwa, anthu angati aphunzitsidwa, amayi angati alowa m'komiti. Mjigo watsopano umajambulika bwino, uli ndi chikwangwani ndi riboni yodula. Karaba kosinthidwa pa nthawi yake sikaoneka pa chithunzi. Ndaona atsogoleri ambiri a mabungwe akukalamba msanga chifukwa cha mpanipani umenewu, ndipo ndimawamvera chisoni kuposa mmene ndimawadzudzulira. Amene ndimawadzudzula ndi ife alangizi, amene tinkaona ndi maso athu koma n'kumalembabe zokomera bwana.

Lolemba lotsatira msonkhano wa mayi uja ndinalowa mu ofesi ya mkulu wa bungwe lathu ndi lipoti lakale lija m'manja, n'kuwafotokozera zonse: mijigo 5, chogwirira chogwedera, masamba anga oyera pansi pa bokosi. Ndinapempha kuti mayi uja tiziwatenga kukacheza ndi makomiti enawo, ine ndizingoyendetsa njinga. Anakhala chete nthawi yaitali akutembenuza mapepala a bajeti.

"Pano pali ndalama ya mphunzitsi wokhala ndi satifiketi," anatero. "Ya mayi wako ndiitenga pati?"

Pomaliza anati tiyese, mafuta a njinga aona chochita. Ndinathamangira kwa mayi uja ndi uthengawo, ndikuyembekeza kuti akondwa. Anandimvetsera akuluka mphasa, osadzutsa mutu, kenako anati apita, koma pali zinthu ziwiri: mapepala anga ndiwasiye ku ofesi, ndipo aliyense wobwera kumsonkhanowo asalandire alawansi. Chachiwirichi ndi chimene chinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Nkhani yake ndidzaifotokoza m'gawo 8.