Sabata yotolera maganizo a anthu pa kiliniki ya mu komboni

Sabata ino pa kiliniki yathu, mu komboni ina kuno ku Lusaka, inali yotolera maganizo a anthu kuti alowe mu pulani ya chaka chamawa. Ntchitoyi imagwera ife oyang'anira ukhondo wa m'dera, chifukwa ndife timayenda ndi makomiti a zaumoyo a m'mazoni, aja timati ma NHC. Makomitiwa si a dzulo ayi. Anabwera ndi kusintha kwa zaumoyo kumene kunayamba mu 1992, ndipo Central Board of Health, bungwe limene linkayendetsa ntchito za zaumoyo, itathetsedwa mu 2006 iwo anatsala. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri timawakumbukira pokhapokha kukakhala katemera kapena kolera ikabuka.

Lolemba linathera pa kaundula wa mamembala. Mu komboni anthu ambiri amachita lendi, ndiye dzina limakhalapo mwini wake atasamuka kale. Zoni yopanda woiimira imafunika kusankha wina msonkhano usanachitike. Uthenga timaupereka kumatchalitchi, kumsika ndi pa makiyosiki a madzi. Nthawi yake ikhale masana, cha m'ma 14. Mukaitana m'mawa, amayi amakhala ali kumsika wa Soweto kukaoda malonda, ndipo mumangopeza anthu omwe aja amene amapezeka pa msonkhano uliwonse.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndiye mtima wa ntchito. Anthu timawagawa: amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, okalamba ndi olumala paokha, gulu lililonse anthu 10 mpaka 15. Anamwino salowamo. Mayi woyembekezera sangadandaule pamaso pa mzamba amene adzamuchiritse mwezi wamawa. Gulu limasankha nkhani zisanu zokha, kenako aliyense amapatsidwa njere za chimanga kuti aike pa nkhani iliyonse, imodzi ngati zinthu zili zoipa kwambiri, zisanu ngati zili bwino. Njerezi zimathandiza kuti wosadziwa kulemba asatsalire.

Luso lagona pa kufunsa. Mawu akuti "kulibe mankhwala" sangalowe mu pulani. Mankhwala ati, mwezi uti, ndipo munauzidwa kuti mukagule kuti? Agogo ena titawafunsa choncho anamasula kansalu ka pa chitenje chawo n'kutulutsa timapepala titatu topindapinda. "Mwanangu, werenga wekha, ine maso anatha," anatero. Tonse tinali ta mankhwala a BP, tolembedwa miyezi yotsatizana, ta kukagula kunja. Timapepala timeneti ndi umboni woti tingauyerekeze ndi makadi a m'sitolo ya mankhwala, olembapo mankhwala olowa ndi otuluka.

Funso la NHIMA, bungwe loyendetsa inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, limabwera pa gulu lililonse, ndipo wotsogolera ayenera kukhala ndi yankho lolondola. Ndalama zolipira pa makiliniki a boma zinachotsedwa kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 zinachotsedwa m'dziko lonse. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ndi la 2018: wolembedwa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, womulemba n'kuwonjezerapo 1 peresenti. Koma kuno ambiri ndi a tuntemba (timashopu ting'onoting'ono), ogulitsa makala ndi a maganyu, amene amayenera kukalembetsa okha. Akasokoneza chithandizo chaulere ndi inshuwalansiyi amaganiza kuti wopanda khadi la NHIMA abwezedwa pachipata, ndiye amakhala kunyumba ndi mwana wotsegula m'mimba.

Lachinayi ogwira ntchito pa kiliniki nawo amadzipatsa mamaki pa nkhani zomwe zija, kenako timagawa madandaulo malinga ndi khomo loyenera kugogoda. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Zina kiliniki ingakonze yokha sabata yomweyo popanda ndalama: nthawi yotsegulira, kiyi wa chimbudzi, mzere wapadera wa okalamba, malo oti wachinyamata alankhule anthu ena osamumva. Za mankhwala, kuchuluka kwa anamwino ndi ambulansi zimapita ku ofesi ya zaumoyo ya distirikiti. Tisanaloze chala aliyense, timayamba taona makadi a m'sitolo. Kodi oda yopita ku ZAMMSA, bungwe la boma logawa mankhwala, inatumizidwa pa nthawi yake, ndipo inalembedwa molingana ndi chiwerengero cha odwala? Nthawi zina vuto limakhala pakhomo pathu pomwe. Zomangamanga, monga shedi yodikiriramo, thanki ya madzi kapena ng'anjo yowotchera zinyalala, n'za CDF, thumba la chitukuko la konsitityuwensi, kudzera ku komiti ya chitukuko ya wodi. Thumbali linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi, koma pempho lopanda miyeso, mtengo ndi maminitsi a msonkhano silipita patali.

Chaka chino nkhani ya zitsime zosazama ndi ngalande zotsekeka yatenga malo oyamba m'magulu onse, ndipo n'zomveka. Aliyense akukumbukira kolera imene inayamba mu October 2023, mpaka bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala. Amene amadziwa chitsime chimene chili pafupi ndi chimbudzi ndi anthu a pa zoni, osati ife a mu ofesi. Tinawapempha kuti ajambule mapu ndi choko pansi, ife n'kukopera pa pepala.

Lachisanu mbali zonse zinakumana. Wapampando akhale wa komiti, osati mkulu wa kiliniki, ndipo andale apatsidwe mpata kumapeto, apo ayi msonkhano umasanduka kampeni. Nkhani ya ndalama yoyendera inenedwe poyera poyamba pomwe, kuti ilipo kapena palibe. Mfundo iliyonse inalembedwa ndi udindo wa woichita ndi tsiku lake. Zimene sitingathe tinanena kuti sitingathe, ndi chifukwa chake, popeza chimene chimatopetsa anthu si kukanidwa koma kufunsidwa chaka ndi chaka osamva yankho.

Pepala la mfundozo tamata pakhoma pamene anthu amafolera, m'Chinyanja ndi m'Chingelezi, titalikutira pulasitiki chifukwa cha mvula. Mlembi wa zoni iliyonse watenga kope lake, ndipo tsiku lobwereranso kwa anthu pakatha miyezi itatu lalembedwa pansi pake ndi zilembo zikuluzikulu.