Mphwanga amaloweza demand ndi supply, ndinamutengera kumsika

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3 ndipo amakhala kwathu kuno ku Chibavi mu Mzuzu poti sukulu yake ili pafupi. Tsiku lina usiku ndinamupeza ali patebulo, magetsi atathima, akuunikira kope ndi tochi ya pafoni, akubwereza chiganizo chimodzi chachingerezi ngati pemphero. Ndinamufunsa kuti ukuloweza chani iwe, akuti ankolo ndi law of demand, tili ndi mayeso a Business Studies Lachiwiri. Ndinati chabwino, tandiuza m'Chichewa zomwe ukunenazo. Anangoti chete.

Zinandiwawa kwambiri, chifukwa mwanayu si wofooka m'kalasi, ndiponso ndi iyeyu amene timamutuma kumsika, mitengo ya zinthu amaidziwa kuposa ine. Akudziwa kuti tomato amakwera nthawi yanji, akudziwa kuti madzulo mulu umakula. Koma palibe anamuuzapo kuti zomwe amaona akatumidwa kumsika ndi zomwezo zili m'kope mwakemo. Ndiye Loweruka ndinamuuza kuti siya kopelo, tiye.

Tinayambira kwa mayi wina amene ndimagulako usipa nthawi zonse. Ndinafunsa dala kuti mayi, usipa wakwera bwanji chonchi lero? Iwo anayankha kuti achimwene, simukuuona mwezi? Kunyanja sakupha. Mphwanga anandiyang'ana osamvetsa, ndiye mayiwo anamufotokozera okha kuti mwana wanga, usipa amaupha usiku ndi nyali, umathamangira kuwala, tsono mwezi ukawala mbee nyali zija sizikokanso nsomba, asodzi ku Nkhata Bay ndi ku Usisya amabwerako ndi pang'ono. Nthawi ya mwera nayonso ndi chimodzimodzi, mabwato salowa pamadzi. Ogula ndi omwe aja, m'mimba ndi momwe muja, koma usipa wachepa, ndiye mtengo umapita m'mwamba. Ndinamuuza kuti iyi ndiye supply ija. Palibe amene wakhala pansi n'kulamula kuti usipa ukwere, wakweza ndi mwezi.

Kenako ndinamufunsa kuti nanga usipa ukakwera chonchi kunyumba timatani? Anayankha msanga kuti timagula ma soya pieces kapena nyemba. Basi, law of demand imene amaloweza ija anainena yekha, chinthu chikadula anthu amagula chochepa n'kuthawira kwina. Koma si zonse zomwe zili ndi kothawira. Mchere ungakwere bwanji tigulabe chifukwa ndiwo zopanda mchere palibe angadye, pomwe nyama ikakwera timangoisiya mpaka kumapeto kwa mwezi. M'mabuku zimenezi amazitcha elasticity, mawu aakulu koma nkhani yake ndi mchere ndi nyama basi.

Za tomato sitinachedwepo. Nthawi yadzinja amavuta kulima chifukwa cha matenda, ochokera ku Jenda amachepa, mulu umakhala wa tomato atatu tating'ono. Chilimwe akachuluka amafika poolera pabenchi.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa nkhani ya mafuta ndi forex, ndalama zakunja, chifukwa apa ndi pamene pali moyo wathu wonse masiku ano, ndipo ndikuona kuti mwana aliyense wa sekondale akuyenera kuimvetsa osati kungomva akuluakulu akudandaula pa wailesi.

Tinakhala pansi penapake tikudya chinangwa chootcha ndipo ndinamuuza kuti tenga dola ngati usipa. Dola nayonso ndi katundu, ili ndi ogula ndi ogulitsa. Dziko lathu limapeza madola tikagulitsa kunja fodya, tiyi, shuga, khofi ngati wathu wa Mzuzu yemweyu, komanso kuchokera kwa mabungwe ndi mayiko otithandiza. Fodya ndiye wamkulu pa zonsezi, koma msika wake umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutseka patangopita miyezi yochepa, ku okushoni ya kuno ku Mzuzu, ku Chinkhoma, ku Kanengo ndi ku Limbe. Pomwe zofuna madola sizitseka ayi, petulo, dizilo, feteleza, mankhwala a m'zipatala, ma sipeya a galimoto, kaunjika, mpaka foni imene amaunikira kope ija. Timagula kunja zambiri kuposa zomwe timagulitsa, chaka ndi chaka. Ofuna dola ndi ambiri, dola ndi yochepa. Ndinamufunsa kuti zikatere chimachitika n'chani, anati imakwera ngati usipa.

Eya. Koma kusiyana kwake n'kwakuti mtengo wa dola wa kubanki umayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Mu Meyi 2022 anagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Mwezi womwewo IMF, bungwe lobwereketsa ndalama mayiko, inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni ku dziko lino. Ndinamupatsa samu yophweka, munthu wa shopu amene amaoda katundu wa madola 1,000 kunja, dzulo lake amafunika K1,180,000, m'mawa mwake akufunika K1,700,000 pa katundu yemweyo. K520,000 yapamwambayo aitenga kuti? Anayankha motsitsa mawu kuti kwa ife.

Chomwe ndinkafuna kuti amvetse kwambiri ndi chomwe chinatsatira. Kuyambira mu Malichi 2024 mtengo wa kubanki unangoima cha pa K1,750, miyezi n'kumapita, koma madola sanachuluke. Munthu wa geni amapita kubanki ndi makwacha ake m'manja n'kuuzidwa kuti dikirani. Akatopa kudikira amapita kwa anyamata a mseri, komwe dola imapezeka koma pamtengo wokwera kwambiri kuposa wa kubanki. Ndiye katundu amene tikugula mushopu mtengo wake sukutsatira dola ya pa bolodi ya kubanki, ukutsatira dola imene mwini shopu anaipezadi.

Mafuta nawonso chimodzimodzi. Mtengo wa papampu amaika ndi MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Petulo anakhala pa K2,530 pa lita kuyambira Novembala 2023 mpaka kumayambiriro kwa Okutobala 2025 pomwe anamukweza kufika pa K3,499. Pafupifupi zaka ziwiri mtengo osasuntha, pomwe china chilichonse chikukwera. Papepala zimaoneka ngati atichitira chifundo, koma aliyense wa mu Mzuzu muno akukumbukira mizere ija, galimoto kugona pa filing'i siteshoni, njinga zamoto zitaunjikana, anyamata ndi zigubu m'mbali mwa msewu akugulitsa petulo yemweyo pamtengo wawo. Ndipo chimandipweteka ine n'chakuti mathanki ochokera ku Dar es Salaam amalowera ku Songwe, kukwera Chiweta, n'kudutsa mumzinda mwathu muno ife tili pamzere tikuwayang'ana.

Ndinamuuza mphwanga kuti mtengo ukaikidwa pansi kuposa pomwe ogula ndi ogulitsa akanakumanirana, chinthucho sichitchipa ayi, chimasowa, ndipo umalipirabe koma mwanjira ina. Ine ndinagonapo pamzere usiku wonse ndi kagalimoto kanga, kufika papampu cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo tsiku limenelo ntchito imene ndinapangana ndi kasitomala inapita kwa munthu wina. Pa lisiti panalembedwa K2,530 pa lita, koma tulo tanga ndi ntchito ija sizinalembedwepo. Zimenezo ndiye opportunity cost imene ili pa tsamba loyamba la kope lake, chomwe wataya posankha kuchita ichi osati icho. Wa kabaza wa njinga yamoto akataya theka la tsiku pamzere, kapena akagula wa m'zigubu, amabwezera pa iwe wokwera. Ndipo anthu ena anabwerera kwa anyamata a Sacramento opalasa ndi miyendo, monga muja timathawira ku soya pieces.

Sindikunena kuti kukweza mitengo n'kwabwino, musandimve molakwika. Mafuta akakwera minibasi imakwera, chigayo chimakwera, thumba la chimanga lochokera kumudzi limakwera, ndipo amene amalira kwambiri ndi wolandira ndalama yochepa amene malipiro ake sasuntha. Ndikungofuna kuti ana athu adziwe kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mtengo wake, kuti wandale aliyense akamalonjeza kuti atsitsa zinthu azitha kufunsa kuti madola ake achokera kuti.

Tikubwerera tinadutsa pa ogulitsa nthochi, ndipo ndinakumbuka nkhani ya 2025 ija. Mu Malichi boma linaletsa kulowetsa m'dziko muno zinthu zina monga ufa, mpunga ndi zipatso, cholinga chake kuteteza alimi ndi makampani athu komanso kusunga forex. Mu Epulo dziko la Tanzania linabwezera, linatseka malire ku mbewu zochokera kuno, mpaka mayiko awiriwa anakambirana n'kumasula. Kwa anthu a ku Blantyre mwina inali nkhani ya munyuzi chabe, koma ife a kumpoto Tanzania ndi khomo loyandikana nalo, pitani ku Taifa Market muone zitenje, nsapato ndi ziwiya kuti zimachokera kuti, funsani amayi angati amakwera basi kupita ku Kyela kukaoda. Nthochi zambiri zomwe timadya zimachokeranso komweko chifukwa zathu za ku Nkhata Bay zinatha ndi matenda a chisaka aja. Ndinamufunsa mphwanga kuti chiletso chotere chimakomera ndani ndipo chimapweteka ndani. Anaganiza kaye, kenako anati mlimi wa mpunga ku Karonga asangalala poti opikisana naye achepa, koma ogula alipira zambiri, ndipo amene amagulitsa soya ku Tanzania alira. Apa ndinadziwa kuti mutu wayamba kugwira, chifukwa palibe anamuuza kuti aloweze yankho limenelo.

Nkhani ya inflation, kukwera kwa mitengo ya zinthu, anaifunsa yekha tili munjira. Ndinamuuza kuti ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO ku Zomba imatenga mitengo ya zinthu zomwe banja limagula mwezi ndi mwezi n'kuyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha. Mu 2024 imazungulira cha m'ma 30 peresenti, chaka chomwe chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo chimanga chikakwera kuno chimakoka zonse chifukwa ndalama zambiri za banja zimathera pachakudya. Tanthauzo lake n'lakuti zinthu za K100,000 mu 2023 zinkafuna pafupifupi K130,000 mu 2024. Amayi ako akasunga K100,000 m'chitini chaka chathunthu, ndalamayo ikhala yomweyo koma thumba la kumsika lipepuka. N'chifukwa chake amayi a banki m'khonde salola ndalama kugona, amabwereketsana pa chiwongola dzanja kuti iziswa. Reserve Bank nayonso inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024 pofuna kuti ngongole idule, anthu asabwereke kwambiri, ndalama zoyenda m'manja zichepe. Koma wa geni amene akufuna mpamba ndi amene amaumva ululu wake.

Aphunzitsi sindikuwadzudzula, kalasi imodzi ana ambirimbiri, silabasi yaitali, mabuku osakwana, akuyesetsa. Koma ife makolo ndi amalume tili ndi msika, tili ndi wailesi imene imanena za forex tsiku lililonse, ndipo ana timayenda nawo. Nkhani za bizinesi zikayamba pa wailesi tisamasinthe siteshoni, tiziwafunsa kuti wamvapo chani.

Titafika kunyumba mphwanga anatenga kope lija n'kutsegula tsamba lakumapeto, anajambula mizere, analemba usipa, tomato, shuga, mafuta ophikira, sopo, ndi mtengo wa tsikulo pambali pake. Akuti azilemba Loweruka lililonse, ndipo pafupi ndi usipa waikapo kabokosi kolembamo ngati mwezi unali wowala kapena kunali mdima. Lachiwiri atabwerako kusukulu anandiuza kuti pa funso lofuna chitsanzo cha zomwe zimachepetsa supply analemba za nyali za asodzi ndi mwera. Loweruka likubwerali akufuna tipite ku Taifa, akuti akafunse amayi a zitenje kuti shilingi ya Tanzania akuigula pa zingati.